Chitseko Chachitsulo Kuseri kwa Kabati

Inu amene ana anu ayamba kufikira pamwamba pa tebulo, sunthirani kuno mumve bwino, chifukwa nkhaniyi ndi yanu. Enanu mverani muli pomwepo.

Lonesi anasamukira ku esiteti ya Chamkoko, kuseri kwa Santhe, chimanga chitangoyamba kukhwima. Mwamuna wake Gelesomu anali atangokwezedwa kukhala kapitawo wa alonda, ndipo ukapitawowo unabwera ndi zinthu ziwiri: nyumba ya njerwa zootcha kumapeto kwa mitengo ya bulugama, ndi mfuti ya mipope iwiri yothamangitsira nguluwe ndi anyani m'munda. Mwana anali naye mmodzi, Mwandida, wa zaka zitatu. Kanali kamwana ka manja osakhazikika. Ukangocheuka pang'ono, upeza katsegula kale chikwama chako, kakulawa mafuta odzola.

Nyumbayo inali itakhala zaka zinayi yopanda munthu. Inali ndi zipinda ziwiri ndi balaza, simenti yofiira pansi, ndi kabati yomangira m'khoma pabalazapo. Lonesi anakolopa masiku atatu, nachotsa zisa za mavu ndi ndowe za mileme, koma panali kafungo kena kamene sanakathe. Sikanali ka nkhungu ayi. Kanali ngati oyilo wa makina osokera atasakanikirana ndi fodya wa chingambwe. Kankabwera, kankapita.

Tsiku loyamba lomwe, Gelesomu analowetsa mfuti ija pansi pa bedi.

"Bambo ake Mwandida, chinthu chimenechi chizigona pamenepo?"

"Nanga chigone kuti? Kukhitchini ndi mapoto ako?"

"Mwanayu amakwawira pansi pa bedi. Lero lomwe ndamutulutsako ndi mwendo."

"Zipolopolo ndimachotsamo, zimakhala m'thumba la jekete. Ikakhala yopanda kanthu ndi ndodo chabe. Koma tamvera, make Mwandida: usadzaikhudze. Ngakhale tsache lako lisafike pamenepo."

Kwawo kwa Gelesomu amati mfuti ikagwiridwa kapena kulumphidwa ndi munthu wamkazi imazizira. Nguluwe ikhale pafupi ngati apa ndi apo, uwombe, uphonya basi. Bambo ake ankatero, agogo ake ankatero, ndipo iye ntchito anali atangoiyamba kumene, sankafuna kusekedwa ndi alonda ake. Lonesi sanatsutse. Ankasesa kulekeza pa mwendo wa bedi, chitseko cha kuchipinda n'kumachitseka. Koma chitsekocho chinali chopanda loko, ndipo Mwandida anali atadziwa kale kunyanyamphira n'kukoka chogwirira.

Choyamba kusowa linali lezala. Lonesi anawenga nalo zikhadabo za mwana, naliika pawindo, napita kukaphula nyemba. Pobwera, palibe. Anamugwira Mwandida, namuyang'ana m'manja, m'kamwa, m'kabudula, mtima uli m'mwamba. Mwanayo analibe bala ngakhale limodzi.

Patapita masiku awiri anasowa machesi. Kenako mpeni wosendera mbatata. Kenako kapepala ka mankhwala a makoswe kamene anakabisa kuseri kwa ndowa.

Anakamuuza Elube, mkazi wa woyendetsa thirakitala, akutunga madzi pamjigo. Elube anaseka mpaka kusiya kupopa.

"Iwe ndiye wagona! Amuna akowo akumanga banja lina pang'onopang'ono. Lero machesi, mawa mpeni. Ukadzaona poto wasowa, udziwe kuti chinkhoswe chachitika kale."

"Mkazi wake ndiye wovutika, woyambira banja pa mankhwala a makoswe."

Anaseka onse awiri. Koma Lonesi atanena kuti nthawi zina amamva munthu akukhosomola pabalaza, Elube anatseka pakamwa, nasenza ndowa yake isanadzaze.

"Zimenezo usamandiuze ine ndili ndi pakati," anatero, osacheukanso.

Kukhosomolako kunalidi. Kunkamveka masana, chitsulo cha ku shedi ya fodya chikangolira kuti anthu akadye, esiteti yonse itati zii. Sikunali kwa munthu wodwala. Kunali kwa bambo wachikulire amene waima pakhomo, akufuna umuone, koma sakufuna kukudzidzimutsa. Ndipo madzulo, dzuwa likamalowa m'mabulugama, pankamveka kugogoda katatu, kho, kho, kho, ngati chala chikugunda mgolo wopanda madzi. Gelesomu ankati ndi malata akuzizira.

Mkazi wina akanalongedza katundu. Lonesi sukulu analekeza sitandade faifi, koma anali munthu woti akaona chinthu sachisiya asanachimvetse. Mantha analipo, inde, koma chimene chinkamusowetsa mtendere kwambiri chinali funso. Wakuba wanji amene amasiya shuga, amasiya sopo watsopano, amasiya foni ili poyera, n'kutenga lezala lakutha?

Ndiye anatchera. Anaika zinthu zinayi pa kampando kafupi pabalaza: sipuni, chipeso, sopo ndi singano. Anabereka mwana, natseka chitseko, nakakhala pansi pa mtengo wa mango moyang'ana khomo. Chitsulo cha ku shedi chinalira. Sanalowe munthu, sanatuluke munthu. Atatsegula, anapeza sipuni, chipeso ndi sopo zili momwe anazisiyira. Singano panalibe.

Mawa lake anabwereka singano ina, koma ulendo uno anaiika pamwamba pa felemu ya chitseko, pamene iye mwini ankafikira atanyanyamphira. Inakhala pamenepo masiku atatu osasuntha. Tsiku lachinayi anaitsitsira pa kampando kaja. Pofika masana inali itapita.

Lonesi anakhala pansi, nayamba kuwerenga ndi zala. Lezala. Machesi. Mpeni. Mankhwala. Singano ziwiri. Zonse zocheka, zobaya, zotentha, zakupha. Ndipo zonse zinkasowa pokhapokha zikakhala pamene dzanja la Mwandida lingafike.

"Kodi ndinu wakuba," analankhula yekha, maso ali kudenga, "kapena mlezi?"

Kafungo kaja kokha kanadutsa, ngati munthu wapita kumbuyo kwake.

Amayi ake anamuphunzitsa kuti ukafuna kudziwa polowera khoswe, usefe phulusa pansi. Anatero. Anasefa phulusa lopyapyala kuyambira pakhomo, balaza lonse, mpaka kuchipinda, natuluka chobwerera m'mbuyo, mwana ali kumsana. Atabwerako chitsulo chitalira, anaima pakhomo nthawi yaitali osalowa.

Panali mapazi. Koma sanali awiri. Panali jombo imodzi, yaikulu, ya kumanja yokha, ndipo pambali pake pamene pakanaponda phazi lamanzere panali kadontho kozungulira ngati nsonga ya ndodo. Jombo, kadontho. Jombo, kadontho. Sanayambire pakhomo ayi. Anayambira pa kabati ya m'khoma ija, kupita kuchipinda, n'kubwereranso ku kabati. Ndipo kuchipindako, pambali pa bedi, mbali imene kunali mfuti, phulusa linali lopondedwapondedwa malo amodzi, ngati munthu anaima pamenepo nthawi yaitali, akusinthasintha mwendo, akusowa chochita.

Lonesi analowa, nalambalala mapaziwo, nakaima pa kabati. Anali ataikamo mbale ndi makapu kuyambira tsiku lobwera, osaonapo chachilendo. Tsopano anaiyang'ana ndi maso ena. Anatenga mthiko, nayesa khoma chakunja, kuchokera pa chitseko cha kabati mpaka pangodya. Mthiko wathunthu ndi kachidutswa. Anayesa mkati. Theka la mthiko.

Anatulutsa mbale zonse, nachotsa mashelefu. Thabwa lakumbuyo linkaoneka lokhomedwa, koma misomali yake inali mitu yokha, yonamizira. Atalikankhira cham'mbali linatsetsereka mosavuta, osalira n'komwe, ngati lathiridwa oyilo dzulo.

Kuseri kwake kunali chitseko chachitsulo, chopapatiza, chotalika kufika m'chifuwa, cha penti yobiriwira. Chinali ndi bowo la kiyi ndi chogwirira chachifupi. Pamwamba pa bowolo penti inali itatha malo amodzi, pang'ono ngati dzira, chitsulo chikuwala. Lonesi anapinda chala nagogodapo. Kho. Anadziwa pomwepo kuti si malata.

Madzulo anamuonetsa mwamuna wake. Gelesomu anachita chidwi ndithu. Anayesa makiyi onse a pa mpukutu wake, anakoka chogwirira, anaikapo khutu.

"Sefa yosungiramo mfuti iyi. Ndinaionapo kwa bwana wina ku Kasungu. Koma popanda kiyi ndi khoma basi."

"Mukafunse ku ofesi."

Anakafunsadi. A ku ofesi anati m'mabuku awo mulibe sefa iliyonse, mwina anamanga yekha kapitawo wakale. Anati adzaitana wowotcherera adzaidule fodya akatha. Nkhani inathera pomwepo, thabwa linabwerera m'malo mwake, mfuti inakhalabe pansi pa bedi.

Za phulusa Lonesi sananene. Anadziwa kuti angomuseka, kapena kumuletsa kucheza ndi Elube.

Sabata yomweyo Gelesomu anakoleka jekete lake pampando, thumba likulendewera pafupi ndi pansi. M'mawa anapisamo dzanja, nkhope inasintha.

"Make Mwandida! Munali zipolopolo zinayi muno."

"Ine sindinakhudze."

"Ndiye zatuluka zokha? Zapita kukasaka zokha nguluwe?"

"Ndinakuuzani kuti m'nyumba muno zinthu zikakhala m'munsi zimasowa. Muziika pamwamba."

"Pamwamba, pamunsi! M'nyumba muno tilimo anthu atatu. Kapena ukufuna undiuze kuti mwanayu wameza?"

Anatuluka akung'ung'udza, nakatenga zina ku sitolo ya esiteti atakalipiridwa bwinobwino. Kuyambira tsiku limenelo, Lonesi anaona kuti jekete lija lapepuka. Akamalikoleka silinkakokanso mbali imodzi, silinkachitanso phokoso.

"Zipolopolo mukusunga kuti masiku ano?"

"Pabwino. Pamene wakuba wako safikapo."

Anamuyang'ana, mwamunayo anayang'ana m'mbale. Lonesi anadziwa pomwepo. M'nyumba yonseyo malo amene iye sankafikapo anali amodzi okha: m'mfuti momwemo.

Mawa lake kukhosomola kuja sikunadikire chitsulo cha ku shedi. Kunayamba m'mawa, Gelesomu atangotuluka, ndipo sikunali kwaulemu ngati kale. Kunkachokera kuchipinda, kenako pabalaza, kenako kuchipinda. Lonesi anamangirira chitseko cha kuchipinda ndi chingwe cha thumba, nabereka mwana, naganiza zopita kuchigayo kuti mutu upume.

Pamene njira ya kunyumba imakumana ndi msewu, anapeza mayi wachikulire atakhala pa chitsa cha bulugama, kathumba ndi tsache la manja zili pambali. Sankayang'ana msewu. Ankayang'ana nyumba ija.

"Wawa amayi. Mwasochera kapena?"

"Iyayi, mwana wanga. Ndapuma chabe. Ndinu amene mukukhala m'menemo?"

"Ndife. Tiyeni mukamwe madzi."

"Madzi ndamwa. Pakhomo apo sindipondapo."

Anati dzina lawo ndi aNangozo. Amabwera kamodzi pachaka kuchokera kwawo, kudzasesa pamanda kuseri kwa mitengoyo. M'nyumbamo anakhalamo zaka makumi awiri, amuna awo a Mlongoti ali kapitawo.

Lonesi anatula thumba la chimanga, nakhala pansi pafupi nawo. "Amuna anuwo ankayenda ndi ndodo?"

Mayiyo anatembenuka pang'onopang'ono. "Wakuuzani ndani?"

"Palibe."

Mwandida anali atatsika kumsana, akutola timakoko ta bulugama.

"Mwendo wamanzere unapita ndi thirakitala ali mnyamata," anatero aNangozo. "Ndiye chitseko chija mwachipeza."

"Ndachipeza. Anamanga okha?"

"Okha. Anagulitsa njinga ndi mbuzi zonse, nakachigula ku Lilongwe, nabwera nacho pa lole ya fodya. Anagumula khoma ndi manja awo. Mfuti m'kati, zipolopolo pa kashelefu kake, n'kukhoma. Ndipo tsiku lililonse dzuwa likamalowa ankapita kukakoka chogwirira, n'kugogoda katatu. Kudwala malungo, kukhale maliro, kukhale ukwati, ankabwerera kudzagogoda. Mpeni pansi sankafuna kuuona. Ngakhale kunyumba kwa eni ake, ankautola n'kuuika pamwamba. Anthu ankawaseka."

"Anayamba liti zimenezo?"

"Chaka chotsatira."

"Chotsatira chiyani, amayi?"

ANangozo anayang'ana Mwandida. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Wathu anali wamkulupo pang'ono kuposa uyu. Wamwamuna. Manda ndikusesawa ndi awiri."

Lonesi anamukokera mwana wake pafupi osadziwa kuti akutero.

"Amuna anu anakuuzani kuti mfutiyo musamaikhudze, eti?" anafunsa mayiyo.

"Anandiuza."

"Nanenso anandiuza. Mwambo umenewo ndinausunga bwino kwambiri, mwana wanga, palibe angandinene. Tsiku limenelo anabwera kuchokera kumunda atatopa, naitsamiritsa kuseri kwa chitseko. Ine ndinaiona. Ndinaiona ndi maso angawa, ndinailambalala, ndinapita kukaanika ufa."

Sanalire. Anangokonza mpango wawo.

"Nanga kiyi ali kuti?" anafunsa Lonesi motsitsa mawu.

"Ankamuvala m'khosi, pa chingwe cha nsapato. Atamwalira, a esiteti anadzatenga mfuti yawo, ine ndinakhoma chitsekocho chili chopanda kanthu, kiyi n'kuwabwezera m'khosi. Osambitsa maliro anandifunsa kuti timuchotse? Ndinati asiyeni, munthuyu sangagone popanda kiyi ameneyu. Ndinkayesa ndikuwagoneka." Anatola tsache lawo naimirira. "Pitani kuchigayo, dzuwa lakwera."

Lonesi atayenda pang'ono anacheuka. Mayiyo anali akulowa m'mabulugama, osayang'ananso nyumba.

Usiku umenewo nguluwe zinalowa m'munda wa kumtsinje, ndipo Gelesomu anachezera komweko ndi alonda ake. Anabwera kutacha, matope mpaka m'mawondo, maso ali gwa. Analowetsa mfuti pansi pa bedi, namwa tiyi ataimirira.

"Bambo ake Mwandida, mwachotsamo?"

"Aa, iwe, ndatopa. Akundidikira ku shedi."

"Ndangofunsa. Mwachotsamo?"

"Ndachotsa, ndachotsa! Ukufuna ndilumbire?"

Anapita. Lonesi anamanganso chitseko cha kuchipinda ndi chingwe chija, mfundo ziwiri. Masana Mwandida anagona pamphasa pabalaza, chala chili m'kamwa. Zovala za matope zinali zitaunjikana, ndipo pochapira panali kuseri kwa nyumba, pamwala, mapazi khumi okha kuchokera pakhomo. Anati achape msangamsanga.

Chitsulo cha ku shedi chinalira. Esiteti inati zii.

Anali pa buluku lachiwiri pamene kafungo kaja kanamupeza, panja, pamphepo, kamphamvu ngati wina watsegula botolo pamphuno pake. Anaimika manja. Kenako chitsulo chija cha m'khoma chinayamba kulira. Osati katatu. Kho kho kho kho kho kho, osalekeza, ngati munthu akumenya ndi nkhonya zonse ziwiri.

Lonesi sakumbukira kuti anathamanga bwanji. Pamphasa panalibe mwana. Chingwe chinali pansi, chitatafunidwa mbali imodzi, chonyowa ndi malovu. Chitseko cha kuchipinda chinali pululu.

Mwandida anali ataikoka mfutiyo ndi lamba wake mpaka pakati pa chipinda. Anali ataikhalira ngati akukwera njinga, mipope italoza pakhomo pamene panaima mayi ake. Dzanja lake lamanzere linagwira thabwa la mfutiyo. Koma lamanja linali m'mwamba, lowongoka, tizala titatambasuka. Mwanayo ankalikoka, ankadzipotokola, nkhope itafiira ndi mkwiyo, koma dzanjalo silinkatsika. Pamkono, pamwamba pa chikhatho, khungu linali litalowa m'kati malo anayi.

"Amama!" analira. "Auzeni andisiye! Ndikufuna ndikoke aka!"

Pamwamba pa mwanayo panalibe kanthu koti ungakatchule. Kuwala kwa pawindo kokha kunkaoneka ngati kukulambalala malo ena. Ndipo panali kupuma, kolemera, kwa munthu amene wagwira chinthu chomuposa mphamvu ndipo watsala pang'ono kulephera.

Lonesi anachoka kutsogolo kwa mipope, nazungulira m'mbali mwa khoma. Mawu anatuluka okha.

"Ndafika, abambo. Ndamugwira. Musiyeni."

Dzanja lija linagwa pomwepo. Anamunyamula mwanayo ndi mkono umodzi, namuponyera kumsana, namanga chitenje ndi mano ndi dzanja limodzi. Kenako anayang'ana mfuti ija ili pansi. Anakumbukira mawu a mwamuna wake. Anakumbukiranso ufa wa aNangozo uli pamphasa padzuwa.

Anawerama naitola.

Inali yolemera kuposa mmene ankaganizira. Anaigwira kutali ndi kachitsulo kowombera, mipope italoza pansi, natuluka nayo pabalaza osadziwa kuti akupita nayo kuti. Padenga? Kuchimbudzi? Ali pakati pa balaza anaona kuti zitseko za kabati zili zotsegula, thabwa lija litatsetsereka kale, mbale zitaikidwa pansi mwadongosolo, popanda ngakhale imodzi yosweka.

Pabowo panali kiyi. Chingwe cha nsapato chinkalendewera, chakuda, chofumbwa, chikugwedezeka pang'ono. Pa simenti, pansi pake, panali tinthu ta dothi lofiira, lonyowa, ngakhale kuti mvula inali itasiya masabata atatu apitawo.

Kiyiyo anali wozizira moti anamuluma zala. Anapotokola. Chitseko chinatseguka mwakachetechete.

M'katimo munali poimika mfuti, pokutidwa ndi chidutswa cha bulangeti. Pa kashelefu kapamwamba zinthu zinali pamzere, ngati za pa okala: lezala, machesi, mpeni wosendera mbatata, kapepala ka mankhwala a makoswe, singano ziwiri zitabayidwa pa kansalu, zipolopolo zinayi zitaimirira. Kumapeto kwa mzerewo kunali chinthu chimodzi chimene sichinali chake. Kagalimoto ka mawaya, ka matayala a zitsekerero za botolo, kadzimbiri, kopanda tayala limodzi.

Lonesi sanakakhudze. Anaimika mfuti m'malo mwake, ndipo inakwanira ndendende. Anatseka, napotokola kiyi, nakoka chogwirira. Kenako, popeza sanadziwe china choti achite, anapinda chala nagogoda katatu pamene penti inatha.

Kumbuyo kwake wina anatulutsa mpweya wautali, ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Kampando kafupi kaja kanalira pang'ono. Lonesi sanacheuke. Anakhala pansi pomwepo pakati pa mbale, mwana akulirabe kumsana chifukwa chomulanda chidole.

Gelesomu anabwera madzulo. Anasuzumira pansi pa bedi, natuluka ngati walumidwa ndi njuchi.

"Mfuti ili kuti?"

"Ndaisunga."

"Waisunga? Waigwira ndi manja akowo? Make Mwandida, ndinakuuza chiyani ine? Wandiphera mfuti! Mawa ndikaphonya pamaso pa anyamata, udzapita ndiwe kukathamangitsa nguluwe ndi mthiko?"

Lonesi anatulutsa kiyi m'khosi mwake, chingwe chomwe chija, natsegula kabati, natsegula chitseko chachitsulo. Mwamunayo anayang'ana kiyi, nayang'ana zipolopolo zake zinayi pa kashelefu, nayang'ana dothi lofiira limene mkazi wake analisiya dala osasesa.

"Kiyi ameneyu wamutenga kuti?"

"Ithyoleni kaye mfutiyo. Munati mwachotsamo."

Gelesomu anaitenga, naithyola pakati monga amachitira pothira zipolopolo. Mpope wina unali wopanda kanthu. M'mpope winawo munali chipolopolo, mutu wake wamkuwa ukuwala.

Lonesi anamuitana Mwandida, namutambasula mkono. Malo anayi aja anali atada, ndipo kuseri kwake kunali lachisanu, lalikulu, la chala chachikulu cha munthu wamwamuna.

"Ndinamupeza ataikhalira. Kachala aka kanatsala pang'ono chonchi. Amene anamugwira si ine."

Gelesomu anakhala pansi pa simenti, mfuti yothyola ili pamiyendo. Anaika dzanja lake pamkono pa mwanayo, pa zipsera zija, ndipo zala zake sizinafike pamene zinafika zinazo.

"Agogo a ndodo ndi oipa," anatero Mwandida. "Amandilanda zinthu."

Bambo ake anamukumbatira mwamphamvu mpaka mwanayo anayamba kudandaula kuti akumufinya. Patapita nthawi anachotsa chipolopolo chija, nachiimika pambali pa zinzake, naimika mfuti m'malo mwake. Kiyi anamubwezera mkazi wake.

"Sunga ndiwe. Ine ndimatopa."

Za kuzizira kwa mfuti sanazitchulenso. Ngati anaphonyapo nguluwe chaka chimenecho, Lonesi sanamve, ndipo sanafunse.

Zinthu zinasiya kusowa, komanso Lonesi anasiya kuzisiya m'munsi. Wowotcherera uja atabwera fodya atatha, anamuphikira tiyi n'kumubweza. Kagalimoto kaja kali momwemo mpaka lero. Dzuwa likamalowa m'mabulugama, kaya ali pamoto, kaya kuli alendo, amapukuta manja, n'kupita kukakoka chogwirira, n'kugogoda katatu, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ndatseka, abambo." Kukhosomola kunatha. Kafungo kaja kanatha. Lonesi anafika poganiza kuti mkulu uja anapita kukagona.

Tsiku lina, chaka chitatembenuka, Elube anachira, ndipo Lonesi anatandala komweko akuthandiza kuchapa matewera. Anabwera dzuwa litalowa kale, nafikira pamoto, mutu uli ku ndiwo. Gelesomu anali atabweza mfuti masana, kiyi atabwereka n'kumusiya pabowo.

Akukazinga anyezi anamva wina akumukoka chitenje. Anali Mwandida, chala chili m'kamwa, dzanja linalo likuloza pabalaza.

"Amama, akuti aima nthawi yaitali, mwendo ukuwawawa. Akuti mukatseke, akhale pansi."